Ulendo Wothamangitsa Mau Anga Omwe

Ndinanyamuka kwathu ku Msanzala Lachisanu, tambala atangolila kachiwili. Nkhuku yoyela inali m'dengu kumbuyo kwa njinga, foni ili m'thumba la jekete nditaikulunga m'kansanza ngati mpeni. Mkazi wanga, amake Tisa, anandipelekeza mpaka pa mtengo wa mango. Apo ndi pamene anati, “Mukafika, pakamwa mukatsegule pang'ono. Si msonkhano wa feteleza kumeneko.”

Ine ndine Yobe Daka. Funsani aliyense kuno, pamalilo sabweleka chimkuzamau ine ndikakhalapo. Sukulu ndinalekela sitandade 2, ndipo kulemba ndimalemba ngati ng'ombe yokoka ngolo pamchenga, koma kufika ndimafika. Tsono mvelani chimene chinandikweza njinga pa ukalamba uno.

Mwana wanga wa ku Lusaka ananditumizila foni ija yopanda mabatani. Anandiphunzitsa kuti ukakanikiza penapake umangolankhula, mau nkupita okha. Kwa munthu ngati ine, umenewo unali ufumu. Lolemba ndinati ndipeleke moni kwa asewele anga aMwanza a ku Nyalugwe, amene mwana wao anakwatila Tisa wanga ndi kupita naye kwao. Moni ndinapeleka, foni ndinabweza m'thumba. Sindinadziwe kuti khutu lake likali lotsegula. Pachigayo ndinakumana ndi aTembo, oyandikana nane nyumba, ndipo tinayamba kukangana za msonkho wa njinga. Pakamwa panga patatentha, ndinanena zinthu zitatu. Choyamba, kuti aMwanza kale ankabisa njinga m'nkhokwe akamva kuti amsonkho abwela. Chachiwili, kuti ndi oumila, nkhuku za pakhomo pao zimafa ndi ukalamba. Chachitatu ndicho cholemela: ndinati mwana wanga Tisa akuonda kumeneko, ndipo ndikanadziwa sindikanalola kuti amutenge. Potulutsa foni ndinaona kamuvi kobiliwila, ndinakadina. Basi.

Amake Tisa ndiwo anaziona Lachinai. Anamvetsela mpaka kumapeto, nakhala pansi. Tisa anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo omusamala ndi apongozi ake omwewo. Mau amenewo atalowa m'nyumba ya aMwanza, wowasenza tsiku ndi tsiku sakanakhala ine.

“Onani apa,” anatelo amake Tisa. “Kachongi kali kamodzi, ndiye kuti sanafike. Tikakhala tiwili, mwatha.”

Kwa aMwanza netiweki imagwila pakaphili kuseli kwa sukulu pokha, ndipo iwo amakwela pamenepo Loweluka m'mawa. Ndinali ndi tsiku limodzi loti ndipitilile mau anga panjila.

Njinga yanga dzina lake ndi Sapuma. Ndi yakuda, yolemela, yamkulu kuposa ana anga onse. Pansi pa chishalo pali tizitsulo ta msonkho ta makedzana, tomanga ndi waya, ndipo ikamayenda timalila ngati mkazi wovala zibangili. Ine sindinabisepo njinga m'nkhokwe. Mseu wa ku boma unali wa mabampu, nkhuku inkadandaula pa bampu lililonse, koma 9 koloko isanakwane ndinali nditalowa m'Petauke.

Ndinamwa tiyi ndi vitumbuwa viwili pa K10, kenaka ndinapita pa kathebulo ka mai wina wokonza mafoni pafupi ndi msika.

“Amai, chotsani mau awa asanafike kwa eni ake.”

Anadina kuti amve kaye. Mau anga anatuluka mwamphamvu mpaka ogulitsa tomato anatembenuka. Anazimitsa msanga, akudziluma mlomo.

“Munatumiza liti, bambo?”

“Lolemba.”

“Mwachedwa. Akapita masiku awili, kubweza sikutheka.”

“Nanga ali kuti tsopano mauwo?”

“Ali m'nyumba za kampani yonyamula mauthengawa, kutsidya kwa nyanja. Akudikila kuti foni ya anzanuwo igwile netiweki.”

Taonani nkhani! Ine mwini wake sindinapitililepo Lusaka, koma mwano wanga unaoloka nyanja wopanda pasipoti, nukhala pa mpando kudikila Loweluka.

“Ndipatseni nambala ya mwini kampaniyo, ndilankhule naye ngati amuna.”

Maiyo anaseka mpaka anagwila thebulo. Atapuma ndinamuuza za kaphili kaja, ndipo anatsitsa mau. “Njila ilipo imodzi. Mukafika, mukabweleke foni yao. Mukakwele nayo paphili nokha. Mau akangolowa, mukafafanize. Sadzadziwa.”

Sanandilipilitse. Ndinanyamula nzeluyo ngati khasu lobweleka.

Minibasi ya ku Nyimba inali K90, Sapuma K30 padenga. Kondakitala anafuna ya nkhukunso, koma ndinamufunsa ngati yatenga mpando, anthu naseka, iye nazisiya. Tinadikila kuti idzale mpaka 11 koloko. Pambali panga panakhala mphunzitsi wa mtundu wa Chibemba amene boma linamutumiza kuno. Mukudziwa kuti ife ndi Abemba sitipatsana moni wopanda chipongwe: iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani.

“Lelo mwanyamula nkhuku, ambuya? Mbewa zatha kum'mawa?”

“Zatha, mwana wanga. Tazitumiza kwanu, anyani apumeko.”

Titalowa mumseu waukulu wa tala, anaona ndikusuzumila foni kawilikawili. Ndinamuuza zonse, chifukwa kunong'ona sindidziwa, ndipo basi yonse inamva. Iye anati makampani amenewa ndi olemela kuposa maiko ena, ndipo chimene amakolola ndi maso athu ndi nthawi yathu. Ndinati zimenezo ndazidziwa kale. Tsiku lina ndinaonela ng'ombe imodzi pafoni, mpaka lelo imandionetsa ng'ombe, ngati ndine dokotala wa ziweto.

“Koma ndifunseni ichi, aphunzitsi. Sapuma ili padengayi imalipila msonkho chifukwa chokanda fumbi la boma. Chabwino, mseu ndi wa tonse. Nanga anthu amene amalowa m'thumba mwanga, kuchipinda kwanga, ngakhale m'chalichi, osanena odi, lisiti yao anaionapo ndani?”

“Imani pa ukhansala, ambuya!” anakuwa munthu wina kumbuyo.

Mai wina wobeleka mwana anati, “Mukuinyoza, koma simuitaya.”

Zoona, sindiitaya. Mdzukulu wanga wa ku Lusaka anamela mano ine ndikuona pagalasi lomwelo. Mtengo wa nshawa ndimaudziwa ogula asanandinamize. Foni ili ngati galu wabwino amene sanaphunzile kusiyanitsa mlendo ndi wakuba: chilichonse chimene waponya, amathamanga nacho.

Pa Minga tinaima pang'ono, azimai akukweza mbale za nshawa zophika m'mawindo. Tinafika ku Nyimba 13 koloko itapitilila, dzuwa likuwawula. Nthochi za ku Nyimba simufunika kuzifuna, zimakupezani zokha. Ndinagula phava lalikulu pa K20, loti ndikapatse Tisa.

Pokhotela kumsika anandiimitsa mai wa khonsolo wovala chipewa.

“Lisiti ya njinga, bambo.”

Ndinatsika mwaulemu, chifukwa nthawi ngati imeneyi ndimaikonda. Ndinatulutsa ya chaka chino m'kapulasitiki, kenaka ndinakweza chishalo kuti aone tizitsulo.

“Welengani, amai. Tina mwa iti tinakhomedwa inu musanabadwe.”

Anawelama, natijambula ndi foni yake kuti akaonetse anzake ku ofesi. Kenaka analoza dengu. “Nanga nkhukuyi ndi yogulitsa?”

“Ndi yopepesela.”

Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka ku nsapato. “Yopepesela ilibe msonkho, bambo. Mwalipila kale ndi manyazi. Pitani.”

Ndinasuzumila foni. Kachongi kanali kamodzi.

Lole ya simenti yopita cha ku Nyalugwe inanditenga pa K50, ine ndi Sapuma pamwamba pa matumba. Titatsika pa mphambano ndinali mbuu ngati chiwanda. Kuchoka apo ndinapalasa ndekha. Pa mtsinje wouma ndinakankha njinga pamchenga, maondo akulila kuposa tizitsulo. Njila yonseyo ndinkabweleza m'mutu nzelu ya mai wa ku Petauke. Nkhuku ndikangoti ndi mphatso ya woyembekezela. Foni ndibweleke. Palibe adzadziwe, ndipo Yobe Daka abwelela kwao mutu uli m'mwamba.

Ndinalowa pakhomo pa aMwanza dzuwa litapendeka, cha m'ma 17 koloko. Woyamba kutuluka anali Tisa. Ndinatsala pang'ono kugwa ndi njinga. Masaya ali tu, khungu likuwala, akuyenda mwapang'onopang'ono dzanja lili pamsana. Kumbuyo kwake apongozi ake aakazi anali kumukalipila kuti asathamange. Mwana amene ndinauza chigayo chonse kuti akuonda ndi ameneyo. Ndinali ndisanamuone chaka chathunthu.

AMwanza anali pansi pa mtengo akukonza goli la ng'ombe. Ndi munthu wamfupi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana.

“Asewele! Mwatidzidzimutsa. Kwagwanji kumudzi?”

“Kuli bwino, asewele. Ndangoti ndikuoneni.”

Tinapatsana moni wa anthu onse mpaka wa ng'ombe. Madzi anabwela, ndinasamba simenti. Kenaka, ine ndisanapemphe kanthu, aMwanza analowa m'nyumba natuluka ndi foni yao.

“Mwabwela bwino. Bondo langa latupa, ndipo mailo ndi Loweluka. Mukandikwelele paphili m'mawa, mukanditengele mauthenga. Inu miyendo ikali yolimba.”

Anaiika m'manja mwanga. Inali yofunda, itangochoka pa sola. Mulungu amayesa munthu mwa njila zambili, koma ine anandiyesa ndi chinthu chopepuka ngati sopo. Ndinayang'ana munthu uyu wondipatsa foni yake ngati akupatsa mbale wake. Ndinayang'ana Tisa akudya nthochi pakhonde, apongozi ake akumusisita mapazi otupa.

Foniyo ndinaibweza. Ndinamasula nkhuku m'dengu, ndinachoka pa mpando, ndinakhala pansi pafumbi. Ndipo ndinanena zonse zitatu, chimodzi chimodzi, ndi mau aang'ono amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. AMwanza anachita kuwelama kuti amve.

Anapukuta manja pa thalauzi.

“Za nkhokwe ndi zoona,” anatelo. “Chaka china chiswe chinadya chishalo, ndinalipila kuposa msonkhowo. Za nkhuku, yanuyi siona ukalamba, lelo lomwe.” Apo nkhope inasintha. “Koma chachitatucho sichanga choyankha. Tisa, bwela kuno, mwana wanga. Atate ako akuti ukuonda.”

Tisa anabwela, naima patsogolo panga. Sanakwiye. Kukwiya kukanandipepukila.

“Atate, njinga muli nayo. Mukanabwela kudzaona.”

Ine wa chimkuzamau ndinangogwila dzanja lake. Amene anatithandiza ndi apongozi ake aakazi, amene anatola nkhuku ija nati, “Wina atenge mpeni, alendo asagone ndi njala ngati mmene amanenela ku Msanzala.” Tonse tinaseka, ine misozi ili m'maso, ndikunamizila simenti.

Loweluka m'mawa tinakwela paphili awili, aMwanza atatsamila phewa langa. Pamwamba panali anthu asanu, aliyense dzanja m'mwamba ngati akulumbila kukhoti. Foni yao inalila. Pa yanga tichongi tinakhala tiwili. AMwanza anadina, ndipo mau anga anamveka phili lonse: “Asewele, muli bwanji kumeneko? Ine Daka!” Atangomva kukhwekhwesa kwa m'thumba, anaimitsa, nafafaniza ndi chala chao.

“Moni ndalandila,” anatelo. “Enawo mwini wake wabwela nawo pa njinga. Sindingawamvenso kwa anthu a kutsidya kwa nyanja.” Potsika anandigwila mkono. “Komatu asewele, inu foni mumaivutitsa chabe. Mukadzafuna kundinena, mudzangoima pachigayo nkuyang'ana kuno. Tidzamva.”

Ndinakhala masiku anai. Goli lija tinamaliza limodzi, ndipo ndinalonjeza kubwelanso mwana akabadwa, ndi amake Tisa.

Pobwelela, mai wa khonsolo ku Nyimba anaona dengu lopanda kanthu, nandikwezela chala chachikulu. M'basi ndinaganiza za mkangano wanga ndi aTembo. Ine ndinkati si chilungamo kuti njinga ilipile msonkho, mau a pafoni nkumayenda osaimitsidwa ndi munthu. Lelo ndaonjezapo. Sapuma imalipila, imalemela, imatopetsa, ndipo chifukwa cha chimenecho sindinaikwelepo kupita kumene sindinaganizile bwino. Akanakhala kuti amaika mai wa chipewa pakamwa pa munthu, woti azifunsa lisiti mau asanatuluke, ine Yobe Daka ndikanakhala ndi tizitsulo tambili pachibwano kuposa pa chishalo.

Foni ndikali nayo. Masiku ano ndikatha kupeleka moni ndimaipatsa amake Tisa, aone ngati yatseka khutu. Iwo amati vuto silinali khutu.