Ndidapita ku Lusaka Kukalera Limbani

Uthenga udabwera ndi mayi wina wa kwathu konkuno ku Mkanda, amene ankaoda zitenje ku Zambia. Adandipeza ndikukumba mtedza, ndipo sadakhale n'komwe pansi. Adati, "ANambewe, mdzukulu wanu Esnati wachira, mwana wamwamuna. Koma bambo wa mwanayo wathawira kumigodi. Asukulu amuuza kuti asankhe, mwana kapena maphunziro."

Esnati ndidamulera ndine, mayi ake atamwalira iye asanayambe n'kuyenda komwe. Atakhoza mayeso ake, ampingo adamupezera malo kusukulu ya unamwino ku Lusaka. Adali masiku aja matipati atangolowa, aliyense akuti zinthu zisintha. Mudzi wonse udamuperekeza mpaka pamsewu. Ndiye lero abwere ndi mwana kumsana, m'manja mulibe pepala?

Madzulo ake adabwera mwana wanga Yohane, malume ake a Esnati. Adati, "Amayi, mukapanda kupita inu apita ndani? Mtedza tikumba ife." Ine ndidali ndisanadutsepo pa boma la Mchinji. Dzina langa lomwe sinditha kulemba. Izi ndikungoyankhula, akugwira cholembera ndi ena. Koma ndidavomera. Yohane adandikweza panjinga mpaka pa boma, akuluakulu a pamalire adandidetsa chala ndi inki, ndipo mayi wazitenje uja adandigwira dzanja ngati kamwana mpaka tidatsika basi ku Lusaka, miyendo itatupa.

Esnati ankakhala kukomboni, ndiye kuti kumalo a nyumba zothinana za lendi, m'chipinda chimodzi ndi mnzake wa kusukulu, mtsikana wa ku Zambia komweko dzina lake Mutinta. Esnati adandilandira akulira ndi kuseka pamodzi. Adandiika kamwanako m'manja nati, "Agogo, nayu mwamuna wanu. Dzina lake Limbani." Ndidati, "Mkazi mnzanga, wandiberekera mwamuna wopanda mano, andilimira liti?" Kadali konenepa, kamaso gwa.

Moyo wa ana asukulu ndidauona ndi maso anga. Ankadzuka nkhuku zisanatsike, kusita malaya oyera ndi simbi yamakala, kumwa tiyi chiimire, n'kuthamangira minibasi. Esnati ankafinyira mkaka wake m'kapu kuti ndizimumwetsa mwana ndi supuni. Akabwera madzulo ankatsegula mabuku okhala ndi zithunzi za m'mimba mwa munthu, n'kumafunsana mayina a mafupa mpaka wina atagona pabuku pomwepo. Ine tsiku lonse ndinkakhala ndekha ndi Limbani. Anansi ankandipatsa moni, "Ambuya, mwauka?" koma Chinyanja chawo chinkathamanga, chosakaniza ndi zina, ndipo ndikayankha ankaseka. Kunalibe munda, kunalibe mbuzi yoti ndiikalipire. Ndinkangomuuza mwanayo mayina a anthu a kwathu, nyumba ndi nyumba, kuti ndisaiwale kuyankhula. Mayi wazitenje akabwera ndinkamufunsa za mvula, za nkhokwe yanga, iye n'kumangoti onse ali bwino, alipo.

Chimene chidandisowetsa tulo chidali Lachisanu. Likafika, malaya oyera ankapachikidwa pamsomali. Atsikana ankavala mathalauza, milomo n'kufiiritsa, galimoto n'kulira panja. Ankati akupita kudisiko kukapumitsa mutu. Poyamba ankapita Mutinta yekha. Ankabwera m'mawa akununkha fodya ndi mowa, n'kuthamangira mwana. "Bwera kuno mwamuna wa ambuya, ndikulande!"

Tsono kwathu timadziwa kuti khanda ndi lozizira. Munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha. Sayenera kulinyamula, kapena kuthira mchere m'ndiwo zimene adye mayi woyamwitsa, kufikira bambo ndi mayi a mwanayo atamutengera kumphasa. Bambo akakhala kulibe, mwana amasambitsidwa ndi mankhwala. Mukaphonya pamenepo mwana amadwala tsempho: amaonda, masaya n'kutupa, chifuwa osatha. Limbani adalibe bambo womutenga. Mizu ya mankhwalawo ndimaidziwa, ili m'mbali mwa dambo lathu, koma ku Lusaka mitengo yake sindinkaidziwa ndi umodzi womwe.

Ndidachita zomwe ndikadatha. Mchere ndidaumanga m'kansanza n'kumagona nawo kumutu, kuti ndizithira ndekha. Mutinta akatambasula manja ndinkati mwana wagona. Iye sankakwiya. Ankaseka n'kumati, "Ambuya, ine ndasamba ndi sopo kawiri!" Ndinkati, "Mwanawe, sopo safika kumeneko." Koma chipinda chidali chimodzi. Ndikapita kumpopi ndinkapeza amunyamula, akumuvinitsa.

Kenako Esnati nayenso adayamba kupita. Lachisanu lina ndidaima pakhomo. Ndidati, "Iwe, ukuyamwitsa." Adayang'ana pansi nati, "Agogo, chipinda chino mukuganiza kuti amalipira ndani? Ampingo adasiya kundithandiza atamva za mimba. Makala awa, ufa uwu, mukuti zimagwa kumwamba?" Ndidachoka pakhomopo, iye n'kudutsa.

Limbani adayamba ndi kutsegula m'mimba. Kenako chifuwa, zilonda m'kamwa, tsitsi kufiira ngati ndevu za chimanga. Lachisanu lina usiku, atsikana atapita, thupi lake lidatentha mpaka maso kutembenuka. Ndidamubereka, n'kukagogoda kwa mkazi wa mwini nyumba, ndipo iye adanditsogolera kumene ankavinira. Nyimbo zake ndidazimva m'chifuwa ndisanazimve m'makutu. Mlonda wapakhomo adandiyang'ana kuyambira kumapazi nati, "Ambuya, nanunso mwabwera kuvina?" Ataona mwana adasiya kuseka, n'kundilowetsa.

Munali mdima ndi magetsi ofiira ndi obiriwira ozungulira, utsi, anthu othinana ngati nkhuku m'dengu. Ndidamuona Esnati pakati. Ankavina maso atatseka, akuseka yekha, momwe ankavinira chimtali ali kamtsikana. Chibwerereni ine ku Lusaka ndidali ndisanamuone akuseka choncho. Ndidaima n'kumamuyang'ana, mwana akutentha kumsana. Amene adandiona ndi Mutinta. Amene adatitengera kuchipatala pa galimoto yake ndi bambo wina, yemwe ankamulipirira Esnati chipinda chija, wamkulu ngati Yohane, wa mphete pachala. Adandilemekeza, adanditsegulira chitseko. Ndidamuthokoza. Nanga ndikadatani?

Kuchipatala adatenga magazi a mwana ndi a mayi ake. Patapita masiku Esnati adabwera masana, nthawi yosayenera kukhala pakhomo, n'kukhala pansi osavula nsapato. Adati, "Agogo, si tsempho. Si mchere, si Mutinta. Ndi matenda aja tikumva pawailesi. Ali m'magazi anga, adandipatsa ndi bambo ake, ndipo ine ndampatsa mwana."

Ndidati, "Nanga mabuku onsewa akuti mankhwala ake n'chiyani?"

Adati, "Akuti aliko kunja. A anthu ngati ife palibe."

Ndidati, "Ndiye ndipatse ndipite naye kwathu. Matenda akowo alibe mankhwala, anga a tsempho ali nawo." Sadanditsutse. Mayeso ake omaliza adali pafupi. Adamuyamwitsa komaliza pamalo okwerera basi, atavala malaya ake oyera, n'kumumangirira yekha kumsana kwanga. Adati, "Musamumange kwambiri, amabanika."

M'basi monse ndinkamuuza mwanayo kuti limba, tikufika. Mumtima ndinkati kwathu kuli mwambo, kuli anthu odziwa kudziletsa, kulibe madisiko. Ndinkati ndikangoponda ku Mkanda, matendawa atsala kuseri kwa malire.

Nditafika sindidalowe n'komwe m'nyumba mwanga. Ndidalunjika kwa aNangozo, namkungwi wa m'mudzi mwathu, amene adalangiza atsikana onse kuno, mayi woti pa mwambo saseka ndi munthu. Ndidawapeza pakhonde atafukata kamdzukulu kawo. Ndidayang'ana kamwanako, n'kuyang'ana wanga. Tsitsi lomwelo. Timiyendo tomweto.

Adati, "Khalani pansi, aNambewe. Ndikudziwa chimene mwadzera. Uyu tidamutengera kumphasa pa nthawi yake, bambo ndi mayi ake onse alipo. Ndidamusambitsa ndekha. Mchere m'nyumba ino sagwira wina koma ine. Mayi ake sadapitepo ngakhale pa boma. Onani." Mwana wawo wamwamuna, bambo wa kamwanako, amene ankagwira ntchito kuesiteti ya fodya, adali gone m'nyumba, ndinkamva chifuwa chake ndili panja. Adanditchulira nyumba zimene zidagwa maliro ine ndili ku Lusaka. Zidali nyumba zomwe zija ndinkamuwerengera Limbani, zomwe mayi wazitenje ankati onse ali bwino.

Tidakumbabe mizu ija, awiriwiri, n'kusambitsa ana onse m'beseni limodzi. Manja sangangokhala. Limbani adatisiya mvula isanagwe, wa aNangozo n'kutsatira mwezi usanathe.

Esnati adakhoza mayeso. Lero ndi namwino, ndipo ali moyo, pakuti mankhwala aja adadzafika kuno patapita zaka. Amameza tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ndidamufunsa ngati mwanayo akadachira ndikadamusiya ku Lusaka. Adati, "Ayi agogo. Uko kunalibe, kuno kunalibe. Adangofulumira kubadwa."

Tsiku loika Limbani ndidamuuza Yohane kuti ayende m'makomo kubwereka makasu okumbira manda, monga tinkachitira kale. Adandiyang'ana nati, "Amayi, makasu ali kumanda komweko. Tidasiya kubwerera nawo kumudzi."