Ng'ombe Zathu Zinakoka Pikapu

Chaka chimene ndinali Fomu 2, fodya wathu anayenda bwino ku okushoni, ndipo abambo anagula pikapu yakale yoyera. Anaigula pa senta ya kufupi ndi kwathu ku Wimbe, kwa bambo wina wa m'tauni amene ankabwera nyengo yogulitsa fodya yokha. Ankamanga mpanda wa udzu n'kuimikamo magalimoto, alimi n'kumaunjikana ngati pamsika wa ziweto.

Abambo anaigula momwe amagulira ng'ombe. Anaizungulira, kugogoda matayala, kusuzumira kunsi, kenako kugwirana chanza ndi wogulitsayo pamaso pa mboni. Kwathu ukagula ng'ombe n'kufa isanazolowere khola, wogulitsa sakana mlandu, mumagawana tsokalo. Lamulo limene abambo ankalidziwa linali lomwelo.

Mwezi usanathe, tikuchokera kuchigayo, injini inayamba kugogoda ngati muli munthu akusinja. Kunatuluka utsi woyera, kenako zii. Abambo atasolola kawaya koyezera oyilo, oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka.

M'mawa mwake anamanga ng'ombe zathu ziwiri pagoli, yakuda ndi yamawanga, n'kukoleka tcheni kutsogolo kwa pikapu. Ng'ombe zimenezi ndizo zinkatilimira, ndizo zinkakoka ngolo ya madzi opita ku nazale. Ndinali patchuthi, choncho anandikhazika pachiwongolero.

"Usaope, mayi. Ukaona zatsika mtsetse, ponda chapakaticho."

Ndinagwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi. Tinadutsa minda yokololedwa, mapesi a fodya ataima gwa ngati ndodo, zigafa zili mbee. Anthu ankaima m'mbali mwa msewu, koma palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka.

Titafika ndinaona kuti mpanda wa udzu wagwetsedwa mbali imodzi, ndipo magalimoto atsala ochepa. Wogulitsayo anali pansi pa mtengo wa mango akudya nzimbe. Sanadzuke.

"Aa, madala! Mwaika injini ya miyendo eyiti? Imeneyo ndiye yosamwa mafuta."

Abambo anavula chipewa. "Bwana, katundu wanu wafera m'manja mwanga asanazolowere pakhomo. Ndabwera kuti tione chochita ngati anthu."

"Wanga? Anatuluka pano akuyenda yekha. Mwina munathira madzi a padambo. Mwinanso munakweza mudzi wonse popita kumaliro. Alimi ndimakudziwani."

"Paja tinagwirana chanza."

"Chanza ndi moni, madala. Galimoto ikatuluka pageti, ndi yanu ndi matenda ake omwe."

Wogulitsayo analavula makoko a nzimbe n'kudzuka, koma sanapite kukatsegula boneti. Anapita kwa ng'ombe. Anasisita yakuda pa linunda, anaitsina pantchafu, n'kuyang'ana yamawanga kuchokera kumutu mpaka kumchira. Sanayang'ane mano kapena mapazi monga amachitira wofuna yolimira. Ankayang'ana mnofu.

"Koma poti ndinu munthu wamkulu, ndikuthandizani," anatero. "Injini ina ndili nayo kutauni. Siyani pikapu pano, musiyenso ziwirizi ngati chikole. Injini ikalowa, mudzapereke kangachepe ka makaniko, mudzatenge zonse."

Mawu akuti chikole anawafewetsa abambo. Ndi mawu a kwathu. Munthu amasiya mbuzi kwa mnzake, n'kudzaipeza itanenepa.

Ine sindiyankhula pamaso pa akuluakulu, ngakhale m'kalasi dzanja sindikweza. Koma ndinatsika m'galimoto n'kukagwada pafupi ndi abambo.

"Abambo," ndinanong'ona, "pano palibe khola. Mpandanso akuphwasula."

Wogulitsayo anamva. "Kamtsikana kanzeru! Kadzakhala kaloya aka. Usadandaule, chemwali, zikagona kwa mnzanga, zikadya madeya."

Abambo anandiyang'ana, kenako anayang'ana pikapu. Fodya wa chaka chonse anali m'chitsulo chimenecho. Kubwerera nacho kumudzi chikukokedwanso, anthu onse akuona, sakanatha.

"Mawu a munthu ndi mawu," anatero, osayang'ana aliyense.

Anamasula okha zingwe za m'khosi. Yamawanga inawanyambita pamkono monga inkachitira nthawi zonse ikamasulidwa, poganiza kuti ntchito yatha. Anyamata awiri anazikusa kuseri kwa magolosale.

Tinabwerera wapansi, abambo atasenza goli paphewa, ine nditanyamula tcheni. Panjira tinakumana ndi lole ya zitsulo zazitali m'mbali, yopanda katundu, ikulowera ku senta. Inkanunkha ndowe. Abambo anaima, anaitsatira ndi maso mpaka fumbi litatha, kenako anasintha goli phewa n'kupitiriza.

Amayi anali pakhomo akupeta. Anaona goli, anayang'ana kumbuyo kwathu, n'kuika lichero pansi. Madzulo ndinatsegula kope langa lolembamo za tsiku, koma ndinangolemba kuti mphepo inali yozizira.

Loweruka lotsatira abambo anapalasa njinga kupita ku senta, ine ndili pakaliyala. Pamalo paja panali phulusa la udzu ndi madontho a oyilo. Pikapu yathu inalipo yokha, itakhala pa njerwa, boneti ili yasa, mkati mopanda kanthu. Mayi wogulitsa tomato pafupi anati bwanayo ananyamuka Lachinayi. Za ng'ombe anati sanazione, koma ananena akuyang'ana pansi.

Mwezi wotsatira tinafesa nazale. Madzi tinkasenza pamutu kuchokera kudambo, ine ndi amayi, kusanatenthe.