Sola ya a Lucius Yoyang'ana Kumpoto

A Lucius ndawadziwa chifikireni chawo kuno ku Hull. Chipinda chawo cha lendi chagundana ndi nyumba yanga, ndipo khoma lake n'lopyapyala moti akatsokomola ndimayankha kuti pepani. Sikuti ndimatchera khutu dala ayi, mawu amabwera okha.

Kumudzi anali munthu wa sola. Zipatala za ku Rumphi, masukulu a ku Mzimba, akamatchula samaliza msanga. Kuno amanyamula makatoni ku weyahausi, kuchoka kuli mdima kubweranso kuli mdima, koma m'thumba la jekete simusowa kamita koyezera magetsi. Ngakhale kutchalitchi amapita nako. Munthu wabwino zedi, waulemu, wosakweza mawu. Vuto lawo limodzi lokha: pa nkhani ya sola sauzidwa.

Chaka cha 2016 mchemwali wawo Mwandida a boma anamukanira mapepala okhalira kuno, n'kumutulutsa m'nyumba yomwe ankasungidwamo. Kwa a Lucius sakanatha kukhalako, mwini nyumba amawerenga mpaka nsapato za pakhomo. Ndiye a Lucius anamupititsa ku timinda tija timabwereka kunja kwa tauni, komwe ine ndimalima mpiru ndi maungu. Munda wawo ndi wanga tinagundananso malire. M'munda mwawomo muli kashedi ka matabwa, anaikamo bedi ndi mabulangeti. Kugona kumeneko n'koletsedwa, ndiye tonse tinatseka pakamwa. Inde, ndi ine ndemwe.

Mwandida ali ndi mphumu. Ikamugwira kwambiri, kopopera m'kamwa kaja sikathandiza, pamafunika kamakina kotulutsa mankhwala ngati nthunzi. Kamakinako kamafuna magetsi, ndipo kumindako kulibe. A Lucius anagula panelo yakale ndi batire, mwezi wa Juni, n'kukhoma paneloyo pa mitengo pambali pa shedi. Anatsegula kampasi ya pa foni, n'kuilozetsa kumpoto, mmene anachitira moyo wawo wonse. Nthawi imeneyo dzuwa la kuno limakhala pamwamba, tsiku losatha, ndiye zinkayenda bwinobwino.

Kufika Novembala, batire inayamba kufooka. Ndinawamva pakhoma akulankhula pa foni, akuti mzungu wawagulitsa batire yakufa. Anagula ina. Nayonso chimodzimodzi. Akuti ndi mitambo ya ku England.

Ine ndinali nditaona kale. Mkazi woyanika zovala amalidziwa dzuwa la malo ake. Kuno m'nyengo yozizira silikwera, limangokwawa mmunsi chakumwera, ngati munthu wozemba apongozi. Panelo ija inali italifulatira. Ndinayesa kamodzi tili pa basi.

"Achimwene, kodi sola ija siikuyang'ana kolakwika?"

Anaseka. "Mayi a Tiya, inu limani mpiru. Sola imayang'ana kumpoto, ngakhale mwana wa ku tekiniko amadziwa."

Ndinangoti chabwino. Mpaka lero ndimadziimba mlandu pa chabwino ameneyo.

Loweruka lina cha m'ma leveni koloko tinapitira limodzi kumindako, iwo atanyamula chakudya cha mchemwali wawo. Kunja kunali kowala koma kozizira koluma zala. Tisanafike pa shedi ndinamva kaphokoso ngati wina akuliza kherere wosweka.

"Imani kaye. Mukumva?"

"Ndi mphepo," anatero a Lucius.

"Si mphepo imeneyo."

Tinathamanga. Tinapeza Mwandida atakhala pansi, atatsamira bedi, mapewa akukwera n'kutsika. Kopopera kali pansi kopanda kanthu. Chovala kumaso cha kamakina kaja anali atavala kale, koma kamakinako kali zii. A Lucius anadina batani. Kanangolira pang'ono n'kuzima. Anatulutsa kamita kawo n'kuyeza batire. Inali itatheratu.

Ndinatulutsa foni. Mwandida anandigwira dzanja, mphamvu zake sindikudziwa anazitenga kuti.

"Anti... ayi... andigwira."

"Mwanawe, akugwire uli moyo."

Ndinaimba. Mayi wa pa foniyo anafunsa adiresi. Munda uli ndi adiresi? Ndinafotokoza geti yobiriwira, msewu wa kuseri kwa sitolo ya matayala. Anati ambulansi ikubwera, tikhale naye chokhala, tisamugoneke. Ndinafunsa kuti mphindi zingati, sanandiuze.

Milomo ya Mwandida inali itayamba kuchita phulusa. A Lucius anali atagwada pa batire, akumasula mawaya n'kumanganso, kumasula n'kumanganso.

"A Lucius, tulukani panja."

"Dikirani, mwina ndi fyuzi..."

"Si fyuzi! Tulukani muone chithunzithunzi chanu!"

Sindinawakalipirepo chikhalire, ndiye anadzidzimuka n'kutuluka. Ndinkawaona pa chitseko. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Dzuwa linali ilo, mmunsi, kuseri kwa panelo. Galasi lonse linali mumthunzi wake womwe, chisanu cha mmawa chisanasungunuke n'komwe. Anaima choncho mwina masekondi atatu.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

"Mayo wanu mudzalira mawa. Tembenuzani!"

Mabawuti anali atachita dzimbiri, ndipo sipanala anaisiya kunyumba. Anatenga khasu langa n'kuyamba kutema mitengo ija. Munthu amene amapukuta panelo ndi kansalu kofewa, tsiku limenelo ankamenya ngati akuswa chitsa. Mtengo woyamba unathyoka, wachiwiri unakana. Anaukankha ndi phewa mpaka unazuka ndi dothi lomwe.

"Samalani waya!" ndinakuwa.

Anainyamula paneloyo pachifuwa, n'kuzungulira nayo pang'onopang'ono kuti waya asaduke, n'kupukuta chisanu ndi mkono wa jekete. Poiika panalibe, ndiye anangoima ataigwira, moyang'anizana ndi dzuwa.

"Dinani!"

Ndinadina. Zii.

"Palibe!"

"Dikirani pang'ono. Zimitsani nyale, chotsani tchaja ya foni, chilichonse!"

Ndinazula zonse. Ndinawerenga mpaka makumi awiri, mutu wa Mwandida uli paphewa panga, kherere uja akucheperachepera. Ndinadinanso. Kamakina kanatsokomola, kanasiya, kenako kanayamba kulira drrr, ndipo nthunzi inadzaza m'chovala kumaso chija.

"Kayaka! Musasunthe!"

"Sindikusuntha."

"Puma, mwanawe. Pang'onopang'ono. Usathamangire, mpweya ndi wako wonse."

Kamtambo kanadutsa, kamakina kanayamba kufooka. A Lucius anapendeketsa panelo uku ndi uku, akulankhula ndi mtambowo m'Chitumbuka, mawu omwe sindingawabwereze poti iwo ndi mkulu wa mpingo. Unapita. Anaima choncho mphindi khumi ndi zisanu, magazi akudontha pa chala pomwe khasu linawatema.

Pomwe anthu a ambulansi ankatipeza, Mwandida anali akutha kutchula dzina lake lonse osapumira pakati. Mmodzi wa iwo, mtsikana wa tsitsi lofiira, anayang'ana bedi m'shedimo, anayang'ana ine. Ndinakonzeka kunama. Iye anangofunsa kuti wayamba nthawi yanji ndipo walandira mankhwala ochuluka bwanji.

Atamukweza pa machira, a Lucius anali adakagwirabe panelo.

"Achimwene, itsitseni tsopano," anatero Mwandida ndi mawu osasa. "Mukuoneka ngati chikwangwani."

Anagona m'chipatala masiku atatu. Potuluka sanabwererenso ku shedi. Ndinauza Tiya wanga kuti asunthire mabuku ake pabalaza, mlendo akulowa m'chipinda mwake. Anadandaula m'Chingerezi, ine ndinamuyankha m'Chichewa, nkhani inathera pomwepo. Za mapepala a Mwandida zidakali kwa loya, tikudikira. Kamakina kake kali pa soketi ya pafupi ndi bedi, ndipo a Lucius amabwera Lamulungu lililonse kudzayeza soketiyo, ngakhale ndawauza kuti ilibe vuto.