Chala cha akulu anga pa injini

Ine ndine munthu wa malonda. Ndagulitsapo mbuzi, mafoni, matayala akutha, ngakhale njinga yopanda tcheni, wogulayo n'kundithokoza pamwamba. Pamsika wa Chongwe azimayi a tomato amayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa, podziwa kuti ndinenerera mpaka dzuwa lipendeke. Koma chinthu chimodzi chinandikanika kugulitsa: galimoto ya malemu akulu anga.

Iwo anali dalaivala wa mathiraki, ndipo paulendo wina anabwera ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kotsika moti mimba yake inkanunkhiza fumbi. Ku Palabana kwathu, kumene njira timagawana ndi ng'ombe komanso njinga za zigubu za mkaka, anthu ankawafunsa ngati agula nsapato. Atamwalira, alamu anga, mkazi wawo, anati ndikagulitse. Wogula akabwera ndinkatchula mtengo woti agwire kumutu n'kuthawa. Kanakhalabe pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumakaliza mwa apo ndi apo.

Kenaka mwana wawo wamkazi anapeza banja. Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, anandipeza ndikusenda nzimbe.

"Atate ang'ono, nifuna nikafike ku tchalitchi na motoka ya adadi. Imwe ndimwe muzaniyendetsa."

Ndinavomera msanga, monga ndimavomerera zinthu zonse zimene sindinaziganizire.

Lolemba nditakaliza, kanayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Injini inkati ikalira bwino pang'ono n'kudumpha, kenaka n'kutsokomola kumbuyo. Pansi pake panali chibanga chakuda cha oyilo. Manja anga a malonda anachita zimene anazolowera: ndinatunga madzi kumjigo, ndinatsuka injini yonse ndi sopo mpaka kuwala, chibanga chija ndinachikwirira ndi mchenga. Ndinaimirira patali n'kudziyamikira.

Makanika amene ndinaitana ndi mnzanga wa ku Bundabunda, tinayamba kunyozana tili kusukulu. Atatsegula boneti anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ufuna kuikonza olo ufuna kunigulitsa?"

"Nachita chabe kuti uone bwino."

"Nione chani? Wakolopa mapazi ya kawalala, manje uniuza ati nimugwire."

Anatembenukira kwa alamu anga amene ankapeta nyemba pakhonde. "Ba mulamu, nipaseniko unga pang'ono."

"Unga wanga? Motoka nayo yayamba kudya?"

Anabweretsa ufawo m'kambale, akung'ung'udza. Injini itauma, mnzangayo anauwaza ponseponse mpaka inayera mbuu, kenaka anati ndilize. Tinawerama tonse atatu, mitu pamodzi. Patapita kanthawi, pangodya ya chivundikiro cha pamwamba pa injini ufa unayamba kuda. Kamzere kakuda kanatsika pang'onopang'ono ngati msozi.

"Apo," anatero mnzanga. "Oyilo imagwa pansi, koma imabadwira pamwamba."

Injini ikulirabe, anayamba kuzula mawaya a mapulagi, imodzi imodzi, n'kumabwezera. Akazula iyi, injini inkafuna kuzimiratu. Akazula inayo, chimodzimodzi. Atazula ya kumapeto, pafupi ndi ngodya ija, sipanasinthe kanthu, inangopitiriza kutsokomola kwake.

"Uyu ndiye wagona pa nchito. Ukamuchotsa munthu, anzake n'kusadandaula, ndiye kuti sanali kulima."

Waya ija inatuluka ikudontha oyilo. Gasiketi, kalamba ka labala kamene kamatseka chivundikiro, inali itatha, ndipo oyilo inkadzaza dzenje la pulagi mpaka moto kulephera kudumpha. Kudontha ndi kutsokomola anali matenda amodzi.

Titamasula chivundikirocho, tinaona kuti pangodya ija munthu wina anafikapo kale. Gasiketi inang'ambika kalekale, ndipo iye anamatapo ndi silikoni yofiira, guluu wa painjini, n'kudinikiza ndi chala chachikulu. Silikoni inauma chidindo chili pomwepo, mizere yonse ikuoneka, ndipo pakati pake panadutsa kamzere kena kopingasa.

Kamzere kameneko ndinkakadziwa. Tili anyamata tikumweta udzu wofolerera khola, chikwakwa chinawatema akulu anga pachala. Anamanga ndi luzi n'kupitiriza kumweta, akundiseka kuti ndikulira ndine pamene wotemedwa ndi iwo.

Mnzanga anatulutsa kampeni. "Izi zonse zifunika kupala. Gasiketi ya nyowani siingakhale pa zinthu zakale."

"Siyako ka ngodya aka chabe."

"Izadontha."

"Hafu yake?"

"Mudala, injini siinenerera. Ukasiya, mwana azatsikira pa njira na diresi yake."

Ndanenererapo ndi anthu ouma mtima amitundumitundu, koma apa ndinangoyang'ana chidindo chija. Alamu anga anali atabwerera pakhonde mwakachetechete, ndipo lichero linali litaleka kulira. Mwana uja ndiye anatuluka m'nyumba, tsitsi lolukidwa mbali imodzi, kudzafunsa chimene tatontholera. Ndinamulozera. Anayang'ana, kenaka anaika chala chake pachidindocho. Chinalowa chonse, malo n'kutsala.

"Ba ankolo, nipaseni kampeni," anauza makanika. "Nizachotsa neka."

Anadula mofatsa ngati akusenda dzira lophika, mpaka kachidutswa kanatuluka kathunthu. Anakapukuta oyilo ndi nsonga ya chitenje n'kukakulunga m'kampango.

"Manje palani," anatero.

Mawa lake ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka kukafuna gasiketi. Ndinaipeza pa sitolo ina dzuwa litatentha kale. Wogulitsa, amene amandidziwa bwino, atatchula mtengo ndinangopereka. Anandithamangira mpaka pakhomo kundifunsa ngati kunyumba kuli maliro.

Loweruka m'mawa kagalimoto kanalira mosalala, moti alamu anga anatuluka atagwira pakamwa. Diresi inadzaza mpando wonse, ina n'kufika pa giya. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, ndipo pa bampu lililonse mimba yake inkakhula pansi, mtima wanga n'kukhulika nawo. Bambo wina wa njinga ya mkaka anatipitirira akuimba belu. Mwana anafumbata kampango kaja pansi pa maluwa.

"Atate ang'ono, musalire, muzatigwetsera mu ngalande."

"Ni fumbi."

"Mawindo ni otseka."

Titafika pa mishoni, azimayi akululutira, ndinamutsegulira chitseko n'kumupereka m'manja mwa amalume ake. Anthu onse analowa m'tchalitchi. Ine ndinatsala panja, ndinagwada ndi suti yobwereka n'kusuzumira pansi pa galimoto. Dothi linali louma. Ndinasasa mawondo, ndipo ndinalowa nyimbo yoyamba isanathe.