Ndinatha mbewu ya bambo anga ndi pakamwa panga

Amene analipo tsiku limene ndinalakwa ndi awa: mkazi wanga Nabanda, mwana wanga wachisamba Lufeyo, mkazi wake Esinati, ndi mlamu wanga Zulu amene anabwera kudzabwereka khasu n'kungokhala kumaonerera. Ndawatchula onse kuti wina asadzati mkuluyu akubisa. Wolakwa ndinali ine.

Kwathu ndi m'tsinde mwa phiri, kwa Mlonyeni kuno ku Mchinji. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pa za mvula ndinalibe mnzanga. Mtambo ukakhala pamutu pa phiri masiku atatu, nyerere n'kuyamba kusamutsa mazira, ine ndinkaima pabwalo n'kukuwa kuti bzalani! Mudzi wonse unkatola makasu. Zaka zambirimbiri sindinaphonyepo.

Ndinali ndi chimanga chamakolo chimene anandisiyira malemu bambo anga, cha maso olimba, chosalowa anankafumbwe msanga. Chaka ndi chaka tinkasankha ngala zikuluzikulu n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziziteteza. Chimenechi ndicho ndinataya.

Inu owerenga, mvula inayamba kusokonekera zaka zija matipati atangobwera. Ena ankati ndi ndale, ena ankati ndi mitengo ya m'phiri imene tinaitha pomanga zigafa za fodya. Kasupe wa kuseri kwa mudzi anayamba kuuma Seputembala asanathe. Ndinkaziona ndithu zonsezi, koma ndinkati n'za chaka chimodzi, zitha.

Chaka chimene ndinalakwacho tinakolola pang'ono, mbewu inangotsala lichero limodzi ndi theka. Kumayambiriro kwa Novembala mtambo unakhala paphiri, mvula n'kugwa yamphamvu masana onse. M'mawa mwake ndinakuwa pabwalo kuti bzalani, n'kutenga mbewu yonse. Tili kumunda, Lufeyo anakumba pamzere ndi dzanja n'kundionetsa kuti chinyontho sichinalowe ndi chikhatho chomwe. Anapempha kuti tibzale theka, theka linalo lidikire mvula yachiwiri, monga ankachitira anzake a ku Guilleme. Esinati naye anati mwina kumunsiko tiikeko chinangwa.

Ine ndinaseka mokweza kuti a minda yoyandikana amve. Ndinati, "Iwe wabadwa dzulodzuloli! Mvulayi ndinayamba kuidziwa amayi akowa asanathe msinkhu. Theka n'la amantha." Zulu anawomba m'manja, amvekere, "Alamu mwalasa!" Nabanda anangoyang'ana pansi. Tinabzala yonse, ndipo woponya m'mapando anali Lufeyo yemweyo.

Chimanga chinamera bwino, mizere yonse biriwiri. Kenako kumwamba kunangoti mbee. Sabata yoyamba ndinkati ibwera mawa. Yachiwiri masamba anapotana ngati a anyezi. Yachitatu ndinkapita kumunda m'bandakucha kuthawa maso a anthu, chifukwa mabanja anayi anabzala atamva mfuu yanga. Mvula yeniyeni pobwera mu Disembala, inapeza fumbi lokhalokha.

Tinagulitsa mbuzi n'kukagula mbewu ya m'sitolo pa Kamwendo, ndiye njala sitinafe nayo. Koma ya bambo anga inali itapita. Lufeyo anapalasa njinga kuwoloka malire, kupita kwa mlongo wanga amene anakwatiwa ku Zambia, poti nayenso anagawiridwako mtundu womwewo. Anakapeza anaikazinga kalekale n'kudya ndi ana, njala itawapana.

Akuluakulu anzanga a m'mapiri, zimene tinkadziwa zija sizinali zabodza ayi, koma nyengo yasintha osatitsanzika. Musathire mbewu yonse pa mvula yoyamba. Kumbani kaye muone pamene madzi afika. Ndipo mwana akamalankhula tsitsani mawu, chifukwa munthu wokuwa samva. Ine ndinazindikira mochedwa.

Lufeyo atabwerako ndi thumba lopanda kanthu, anandipeza nditakhala pansi patsinde pa nkhokwe. Ndinamuuza kuti ndapha mbewu ya agogo ake. Anatsamiritsa njinga, anakhala pafupi nane, n'kunena kuti:

"Abambo, simunaiphe nokha. Ine ndinaona kuti dothi n'louma, koma ndinaopa mawu anu, n'kuiponya ndi dzanja langali. Ndiye mundikhululukiretu. Chaka chamawa mukakuwa, ine sindikumverani."