Tsiku Limene Agatha Anagwa pa Golomoti

A Silvesta Mkwapatira anayamba ndi mawailesi. Kwa zaka makumi awiri ankakhala pakhonde la golosale ya alamu awo pa Golomoti, kuwotcherera timawaya kwinaku akupereka moni kwa makondakitala a minibasi. Mawailesi atayamba kuchepa anasamukira ku mafoni, ndipo mafoniwo ndi amene anawakokera ku makompyuta. Sukulu analekezera Fomu 2, koma akaona chipangizo chilichonse mtima sunkakhala m'malo mpaka atachitsegula.

Iwo analinso ndi kamunda ka mpunga ku Bwanje, ndipo alimi a m'kalabu yawo sankasiya kukangana za tsiku lothirira. Uyu akuti Lachiwiri, uyo akuti Lachinayi. A Silvesta anatenga laputopu yakale yosweka galasi n'kuikamo tsamba la pa intaneti losonyeza ndandanda ya madzi. Anaiika pashelefu m'kashopu kawo, anailumikiza ku batire la sola, basi aliyense n'kumaona tsiku lake pafoni ali kumunda.

Vuto linali lakuti laputopuyo ikazima, eni ake ankamva pomaliza, anthu atadandaula kale mpaka kutopa. Choncho anagwirizana ndi mnzawo wa ku Mtakataka, a Kenneth, kuti kompyuta ya kumeneko izigogoda patsambalo mphindi zisanu zilizonse, ndipo ikapanda kuyankhidwa izitumiza uthenga pagulu la alimi la pafoni. Pulogalamu yake inafuna dzina la laputopuyo. Pofuna kulemekeza akazi awo, a Silvesta analemba kuti Agatha, koma sanauze munthu, ngakhale mwini dzinayo.

Mu Febuluwale kunachita mitambo masiku atatu, batire n'kutheratu. Chakumasana mafoni a alimi onse analira pamodzi: "Agatha wagwa. Sakuyankha."

A Silvesta anali ku Mua, kukonza zokuzira mawu za kwaya, foni ataisiya m'chikwama. Pobwerera anapeza njinga zitatsamira mpanda wa nyumba yawo, amayi atadzaza pamkeka, wina atabwera ndi nthochi, winanso ataitana kale wakabaza woti athamangire ndi wodwalayo kuchipatala. Pakati pawo panali mayi Agatha, ali bwinobwino, akusenda mtedza osaseka n'komwe.

"Bambo a Idah, akuti ndagwa," anatero. "Tandiuzani, ndagwera pati?"

A Silvesta anakanda m'mutu, nafotokoza mwachibwibwi kuti wagwayo ndi Agatha winanso, wa pashelefu. Amayi aja anaseka mpaka misozi. Wakabaza ndi yekhayo amene sanasangalale, poti anali atasiya munthu pasiteji.

Tsiku lomwelo dzina linasinthidwa, ndipo a Silvesta anapepesa pagulu ndi uthenga wautali womwe ambiri sanaumalize kuwerenga. Koma mayi Agatha anati popeza chinthucho chawachititsa manyazi, ayenera kuchidziwa bwino. Anauza amuna awo kuti awaonetse poyatsira, waya wa ku batire ndi kagetsi kobiriwira kosonyeza kuti intaneti ilipo.

Masiku ano benchi ya tomato ya mayi Agatha ili pafupi ndi khomo la shopu. Uthenga ukalowa amuna awo atachokapo, amapukuta manja pachitenje, amalowa n'kuyatsa, kenako amadikira kuti kompyuta ya ku Mtakataka ivomereze. A Silvesta akabwera amapeza zonse zili m'malo, tiyi ali m'fulasiki, ndipo amauzidwa kuti shelefu ija ikufunika kupukuta.