Phukusi la mdzukulu wa ku Yerusalemu

Ntchito yanga ndi ya pa boda. Ndimathandiza madalaivala a mathiraki kukiliya katundu pachipata cha Mwanza, ndipo chimandidyetsa ndi pakamwa pangapa. Ukapeza bwana wakwiya, umayamba wamufunsa za ana kunyumba. Ukapeza watopa, umamudikira amwe kaye tiyi. Anthu a ku Zobue, tsidya la Mozambiki, amabwera m'mawa kudzagula sopo, masana abwerera, ndipo ambiri mwa iwo ndi abale athu omwe. Ndinakula ndikudziwa kuti chipata chilichonse chimatseguka, bola kuchilankhula bwino.

Pamene bungwe lina la mipingo linkafuna amayi oti akakhale ndi mabanja a Apalestina nyengo yothyola azitona, dzina langa linatuluka chifukwa ndinali ndi pasipoti komanso Chingerezi changa cha pa bodachi. Anatiuza kuti tikathandize kuthyola ndiponso tikaoneke, poti alimi akakhala ndi alendo m'munda savutitsidwa kwambiri. Ndinavomera ndi mtima wonse. Komabe chimene chinkandisowetsa mtendere chinali tsiku limodzi lokha lokaona malo ku Yerusalemu. Manda a Yesu ndakhala ndikuwaimba m'kwaya kuyambira ndili mtsikana, ndipo amayi a kutchalitchi kwathu anandiperekeza pasiteji ya basi akundilamula kuti ndikagwire mwalawo m'malo mwawo.

Ndinafikira kwa mayi wina wamasiye, mphunzitsi wopuma ntchito, m'mudzi wa kumapiri pafupi ndi Betelehemu. Mapiri ake ndi ngati a kwa Kanduku, kungoti miyala yanyanya. Azitona ndi tizipatso totopetsa kwa munthu wozolowera manachesi: umathyola mpaka mapewa kuwawa, thumba osadzadza. Ndinalawako kamodzi kochokera mumtengo, n'kulavula pompo, ndipo amayiwo anaseka mpaka kukhala pansi.

Nkhani ya mwana wawo wamkazi ndinaimva tili m'mundamo. Anakwatiwa ku Yerusalemu, mtunda wonga wochoka pa boma kupita ku Zobue, ndipo anali ndi khanda lalimuna limene agogo akewo anali atangoliona pafoni. Iwo chilolezo chodutsira kupita ku Yerusalemuko anawakaniza. Mwana wawoyo ankaopa kutuluka chifukwa mapepala ake okhalira kumeneko anali asanatheke, ndiye akanabwera kumudzi mwina sakanaloledwa kubwerera kwa mwamuna wake.

"Amayi, mawa tikwere limodzi basi," ndinawauza. "Pachipatapo inu mukangokhala chete, ndikalankhula ndine. Ntchito yanga ndi imeneyi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwana wanga, kwanuko mukafika pachipata mumalankhula ndi munthu. Kuno munthuyo amakhala kuseri kwa galasi, ndipo sakufunsani kuti mwadzuka bwanji."

Ndinapsa mtima, chifukwa sindikonda kuuzidwa za zipata. Iwo sanatsutsane nane. M'mawa anandiperekeza kumsewu kokakwera basi ya gulu lathu lokaona malo, n'kundipatsa phukusi: botolo la mafuta a azitona oyamba a chaka chimenecho ndi tizovala taubweya timene analuka okha. Anati mwana wawo adzandipeza pakhomo lalikulu lolowera mumzinda wakale, masana asanakwane.

Pachipata cha khoma lalitali lotchinga njira ya ku Yerusalemu, msilikali wachinyamata analowa m'basi, n'kumayang'ana pasipoti iliyonse ndi nkhope ya mwini wake. Ndinali nditakonza moni wanga wa pa boda, uja umasungunula ngakhale bwana wokwiya. Koma ndinangomupatsa pasipoti, iye n'kupitirira.

Titafika pakhomo lalikululo, wotitsogolera anakweza ambulera yake kuti tizimuona, n'kunena kuti kumandako mzere ndi wautali, basi sidikira munthu, aliyense akhale pambuyo pake. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mwana wa amayi aja panalibe. Ndinamuimbira foni, anati basi yawo yaimitsidwa panjira, akubwera.

"Ingosiyani phukusilo m'sitolo umu, adzalipeza," anatero mnzanga wina wa ku Blantyre. "Mwayenda ulendo wonsewu kuti mudzalondere botolo la mafuta?"

Anali ndi mfundo. Koma pa boda ndaona mapukusi ambiri osiyidwa m'masitolo, ndipo ndikudziwa mathero ake. Phukusi la munthu umalipereka m'manja. Ndinawauza kuti atsogole, ndiwapeza, ndipo ambulera ija inalowa m'chigulu cha anthu mpaka sindinaionenso.

Kudikira ndimakudziwa, ndadikirapo thiraki kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Koma uku kunali kwina. Ndinkakhala pamakwerero, ndidzuke, ndikafike pakhomo, ndibwerere. Mayi aliyense wonyamula mwana ndinkamumwetulira, mpaka wina anasintha njira. Wogulitsa buledi wa chitowe anandiitana kangapo, kenako anatopa nane. Mabelu a matchalitchi analira m'katimo, pafupi kwenikweni. Pambuyo pake kunamveka kuitanira kumapemphero kumzikiti, mawu omwewo amene ndimawamva pa boma ndikamapita kukadya masana, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yandithera. Ndinakwiyira mtsikanayo, ndinakwiyira amayi ake, ndinakwiyira ngakhale Mulungu amene anandifikitsa pakhomo pake penipeni n'kundiimika panja ngati mlonda.

Mtsikanayo anatulukira akuthamanga, thukuta lili kamukamu, mwana akulira ngati walumidwa ndi linthumbu. Sindinafunse dzina, nkhope inali ya amayi ake. Ndinamupatsa phukusi lija m'manja. Anamasula phukusilo pomwepo, ndipo atangoona tizovalato nayenso anayamba kulira. Ndinapezeka ndili ndi anthu awiri olira pakati pa msewu wa eni.

M'chikwama ndinali ndi chitenje chimene ndinatenga kuti ndikafunde polowa m'tchalitchi. Ndinachitulutsa, n'kumulanda mwanayo, kuwerama, kumuika kumsana ndi kumanga pachifuwa.

"Agwa," anatero mayi wake, manja ali m'mwamba kumbuyo kwanga.

"Ndabereka anayi kumsana komweku, palibe anagwapo. Pukutani misozi, mundilondolere kumanda."

Mwanayo analira pang'ono, kenako anangoti zii. Tinalowa m'tinjira topanikizana tija, iye patsogolo, ine pambuyo, kudutsa mashopu a nsalu, zonunkhiritsa ndi mitanda yamatabwa. Sindinaone chilichonse bwinobwino. Anthu ndi amene ankandiona ine, mayi wakuda wothamanga ndi khanda la Chiarabu kumsana, ndipo mzungu wina anandijambula osapempha. Ndinapita kukaona malo, koma malo ndi amene anandiona.

Tinafika pabwalo la tchalitchi chimene muli mandawo anzanga akutuluka. Ena maso anali ofiira, ena akung'ung'udza nyimbo. Wotitsogolera anandilozera wotchi yake, n'kugwedeza mutu. Ndinasuzumira pakhomo: m'kati munali mdima, makandulo ndi misana ya anthu, mzere utapindika mpaka kumene maso sanafike. Ndi zokhazo zimene ndinaona. Mwana anali atagona, atandibwezera mkaka m'khosi, ndipo pomumasula anagwira kolala ya bulauzi yanga mwakuti mayi wake anachita kumutanyula zala.

M'basi anzanga ankapatsirana mafoni kuonetsana zithunzi. Ine ndinayang'ana pawindo njira yonse, mtima ukuwawa, ndikuganiza zokawauza amayi a kutchalitchi kwathu. Mpaka lero akandifunsa za mwala uja ndimayamba kukamba za kukwera mtengo kwa ulendo.

Dzuwa likupendeka ndinawapeza amayi a phukusi aja ataima pamsewu pomwe ndinawasiya m'mawa, ngati sanachokepo. Za phukusi sanafunse, mwana wawo anali atawaimbira kale.

"Ndi wolemera?" anafunsa.

"Ngati thumba la shuga. Ndipo kulira kwake watengera kuchimuna, kwanu kuno kulibe mawu otero."

Anaseka, nandifunsa za makutu ake, za tsitsi, ngati ali ndi kachidindo pachibwano. Ndinayankha zimene ndinkakumbukira, koma mwachidule, chifukwa mkwiyo unali usanandithere. Titafika kunyumba ndinawauza mosabisa kuti manda sindinawaone. Anapepesa, ine n'kunena kuti palibe kanthu, ngakhale kanalipo. Kenako ndinatulutsa chitenje chija m'chikwama n'kupempha beseni ndi sopo.

"Mdzukulu wanuyo wandisiyira mphatso," ndinatero. "Ndinamubereka kumsana ndi chimenechi, ndiye chikununkha mkaka wosasa."

Anali atatembenuka kale kuti akatenge beseni, koma anaima. Anabwerera n'kundigwira padzanja mwamphamvu, mphamvu imene sindinkayembekeza kwa munthu wa msinkhu wawo. Anatenga chitenjecho, n'kuchitambasula pang'onopang'ono mpaka anapeza pamene panauma mkakapo. Anavula magalasi, n'kuika nkhope yawo pamenepo. Ndinaima ndikumva mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka m'nsalumo, osadziwa koika manja anga.

"Musachape," anatero, nkhope isanachoke m'chitenjemo.

Anakakhala pampando wa pakhonde, n'kuchipinda bwinobwino, kuchiika pachifuwa, dzanja limodzi pansi, lina pamwamba, ndipo anayamba kuchigwedeza.